Nkhunzi ikapambana pachionetsero, agona nayo ndani usiku?

Chionetsero cha zaulimi chomwe chimauza mlimi kuti abwere ndi ng'ombe yake yabwino koposa, koma osamuuza yemwe aiyang'anire dzuwa likalowa, chikugwirira ntchito akawalala. Tikulankhula ndi makomiti onse okonza zionetsero kuno ku Lundazi, kuyambira zing'onozing'ono za kumidzi mpaka cha boma lonse chomwe chimasankha opita ku Chipata. Tikulankhulanso ndi ife eni, anyamata ndi atsikana a ku Boma, a ku Chipata ndi a m'makomboni a Lusaka, omwe tinaphunzira sukulu ndi ndalama ya ng'ombe zomwezi.

Ganizirani ntchito ya kawalala wa ng'ombe. Kutsegula khola si kovuta, ndi mitengo chabe yopingasa. Kunyamula katundu sikumuvutanso, pakuti ng'ombe ndi katundu woyenda yekha. Chomwe chimamudyera nthawi ndi kudziwa komwe kuli ng'ombe yoyenera kuvutikira: mudzi uti, khola la ndani, mwini wake ndi nkhalamba kapena ali ndi ana aamuna pakhomo. Pachionetsero zonsezi timamupatsa ulere. Nkhunzi ya mtundu wa Angoni yaima apo, linunda lili njo, khungu likunyezimira. Oweruza alengeza dzina la mwini wake ndi mudzi wake pa chokuzira mawu. Kenaka ife tifika ndi mafoni, tijambula, tiika pa Facebook ndi pa WhatsApp, "onani nkhunzi ya adada yawina," dzina la mudzi pansi pake. Yemwe sanabwere kuchionetseroko waiona ali kunyumba kwake.

Sitikunena kuti zionetsero zithe. Kumeneko ndi komwe mlimi wa kwa Mwase amaona zomwe mnzake wa kwa Kapichila akuchita, ndipo ng'ombe ya Angoni, yomwe imapirira chilimwe chathu kuposa zambiri zochokera kunja, iyenera kuonetsedwa ndi kunyadiridwa. Tikunena kuti woitana anthu ndiye asenze udindo wa zomwe waitanitsa.

Pali anthu omwe nkhaniyi anaiphunzira kale, ndipo anailipira modula: a mipikisano ya mahatchi. Mu 1981 hatchi yotchedwa Shergar, ya Aga Khan, inapambana mpikisano wa Epsom Derby ku England, kusiya inzake yachiwiri kumbuyo ndi mtunda wa mahatchi 10 ondondozana. Dziko lonse linaidziwa. Pa 8 February 1983 anthu onyamula mfuti anafika usiku pakhola la Ballymany ku County Kildare, ku Ireland, nakakamiza woisamalira kuti aikweze m'galimoto. Anafuna mapaundi 2 miliyoni kuti aibweze. Ndalamayo sinalipidwe, ndipo Shergar sinaonekenso mpaka lero. Onani bwino apa: sanaibere pabwalo la mpikisano. Mbiri yomwe inapangidwa pabwalo ndiyo inawatsogolera kukhola, patapita pafupifupi zaka ziwiri.

Chinyengo china n'choseketsa, koma chinachitikadi. Mu August 1984, pabwalo la Eagle Farm ku Brisbane, ku Australia, gulu lina linalembetsa hatchi yofooka yotchedwa Fine Cotton, koma pothamanga linalowetsa ina yaliwiro, Bold Personality. Mitundu yawo inali yosiyana, ndiye anaipaka mankhwala osinthira mtundu wa tsitsi, ndi penti yoyera kumiyendo. Inapambanadi. Koma penti inayamba kuyenderera, anthu anakuwa, oyang'anira mpikisano anafunsa mapepala a hatchiyo, ndipo nkhani yonse inaululika tsiku lomwelo. Mapepala ndiwo anamaliza mlandu. Pakadakhala kuti palibe buku lofotokoza maonekedwe enieni a Fine Cotton, anthu akadangokangana mpaka kuda.

Lero bungwe la FEI, loyendetsa mipikisano ya mahatchi yapakati pa mayiko kuchokera ku Lausanne, lili ndi malamulo omwe aliyense wopita kumeneko amawadziwa. Hatchi iliyonse ili ndi pasipoti yake. Kuyambira 2013, yolembetsedwa kumene imayenera kukhala ndi kachipangizo kakang'ono pansi pa khungu la pakhosi, kosunga nambala yake. Ikafika pamalo a mpikisano, dokotala wa ziweto amaiyeza isanasakanizike ndi zinzake. Makola amatchingidwa, amalondedwa usana ndi usiku, ndipo wolowa ndi yekhayo wokhala ndi chiphaso. Magazi ndi mkodzo zimapimidwa pofuna kudziwa ngati yapatsidwa mankhwala.

Tikudziwa yankho lomwe likubwera: zimenezo ndi za azungu ndi mahatchi awo, kuno kwathu hatchi timaionera pa TV. Poyamba, mahatchi m'Zambia alipo, ndipo timu yathu ya polocrosse inafika pa nambala 2 pa mpikisano wa dziko lonse mu 2015 ku South Africa. Koma tisataye nthawi pamenepo. Funso ndi lakuti wotaya kwambiri ndani. Aga Khan atabedwa Shergar anatsala ndi mahatchi ena ambirimbiri, ndipo nsima sinasowe pakhomo pake. Mlimi wa ku Lundazi akabedwa ng'ombe ziwiri zapagoli, wabedwa pulawo yolimira chimanga ndi nshawa, wabedwa ngolo yotutira zokolola ndi yonyamulira wodwala usiku kupita kuchipatala, wabedwa fizi ya mwana, wabedwa malowolo a mnyamata wake. Mvula ya Novembala ikagwa iye agwira khasu, kapena adikire mnzake amalize kulima kuti abwereke ng'ombe, ndipo chimanga chobzala mochedwa tonse tikudziwa momwe chimabalira. Ngati pali chiweto choyenera mlonda, buku ndi mpanda, ndi chimenechi.

Malo athunso sakutithandiza. Malire ndi Malawi ali pafupi. Chipata chovomerezeka chili pa Lusuntha, kutsidya kwake Mqocha, msewu wotulukira ku Jenda, koma tinjira ta m'tchire n'tosawerengeka, ndipo ng'ombe siifuna msewu. Yotulutsidwa m'khola pakati pa usiku kudera la kumalire ikhoza kuona dzuwa ili dziko lina. Pano wina asayambe kuloza chala Amalawi. Mbali zonse ziwiri kuli abale athu, chilankhulo n'chimodzi, ndipo tinjira tomweto timapita uku ndi uku. Mlendo sadziwa khola lopanda galu. Womuuza amakhala wa pamudzi pomwepo.

Kuba ndi mbali imodzi chabe. Pali kuwononga, komwe sikusiya mapazi. Pomwe pali mphoto pali nsanje, ndipo kupweteka ng'ombe yomangidwa pamtengo pakati pa chigulu cha anthu n'kosavuta. Feteleza wa urea, yemwe ali m'nyumba ya mlimi aliyense, akalowa wochuluka m'madzi akumwa amapha ng'ombe tsiku lomwelo. Mapepala a pulasitiki omwe timataya tikadya zitumbuwa, ng'ombe imameza, amakatsakamira m'mimba n'kumaiwondetsa pang'onopang'ono. Apa sipafunika ngakhale munthu wa mtima woipa, uve wathu wokha ukwanira.

Chowononga chachikulu koposa ndi nkhupakupa. Chigodola, matenda omwe avetenale amawatcha East Coast fever, ndi mdani wakale wa ng'ombe za chigawo cha Kum'mawa, moti katemera yemwe wakhala akugwiritsidwa ntchito kuno anapangidwa ndi kachilombo kotengedwa ku Katete. Amafalitsidwa ndi nkhupakupa yofiirira yokonda kukhala m'makutu. Sonkhanitsani ng'ombe zochokera m'midzi makumi awiri pa udzu umodzi, zina zopita kudibi, zina zosadziwa n'komwe fungo la dibi, ndiye mwasonkhanitsanso nkhupakupa zawo. Zina zimagwera mu udzu, n'kudikirira ng'ombe yotsatira. Matendawa saoneka tsiku lomwelo. Ng'ombe ibwerera kumudzi ili bwinobwino, patapita masiku ndithu iyamba kutupa m'munsi mwa makutu, kutentha thupi, kupuma movutika, pakutha pa milungu itatu kapena inayi yagwa. Pamenepo palibe wokumbukira chionetsero. Anthu ayamba kufunsa kuti ndani anaiyang'ana ndi diso loipa tsiku lomwe inawina, ndipo mabanja adana chifukwa cha kachilombo kochepa ngati njere ya mapira. Za nkhumba n'chimodzimodzi, chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, n'chifukwa chake kutulutsa nkhumba m'chigawo chino kwakhala koletsedwa kwa zaka zambiri.

Ena adzati boma lilipo, malamulo alipo. Alipodi. Gawo 275 la Penal Code limati woba ng'ombe, ngakhale koyamba, apite kundende zaka zosachepera 5, mpaka 15. Mu 2010 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Animal Health Act ndi Animal Identification Act, lina loona za matenda ndi kayendetsedwe ka ziweto, lina la zizindikiro zosonyeza mwini chiweto. Kusamutsa ng'ombe kumafuna kalata ya avetenale. Zonsezi n'zabwino, koma chilango chimabwera khola litatsala pululu, ndipo zaka 5 za kawalala sizilima munda wa munthu. Komanso kukhoti amafuna umboni. Mlimi akaimirira n'kunena kuti yanga ndi yakuda, ya nyanga yopindika, imadziwa dzina lake, woimbidwa mlandu anenanso zomwezo, ndipo ng'ombe zakuda za nyanga yopindika m'boma lino zadzaza. Chikopa chikasendedwa, ngakhale umboni wochepawo watha. (Za kutsirika khola sitilimbana nazo, aliyense ali ndi chikhulupiriro chake, koma wotsirikayo aikenso chizindikiro cholembetsedwa pa ng'ombe zake.)

Ndiye chomwe tikufuna kwa makomiti si kachipangizo ka pansi pa khungu kapena makamera. Tikufuna buku. Chiweto chilichonse cholowa chilembedwe, mwini wake, nambala ya chitupa chake, chizindikiro chake, ndi zithunzi za pafoni, kutsogolo ndi mbali zonse ziwiri. Ntchito imeneyi ingagwiridwe ndi mwana wa Giredi 12 mmodzi ndi foni imodzi. Buku lomwelo lidzagwira uja wobwereka nkhunzi ya mlamu wake kuti adzawinire mphoto, Fine Cotton wa kwathu. Wavetenale aime pakhomo ziweto zisanalowe, ayang'ane m'makutu ndi pansi pa mchira, yodzaza nkhupakupa ibwerere kapena ipoperedwe kutali ndi zinzake, ngakhale mwini wake ndi nduna ya mfumu. Makola akhale ndi mpanda wake ndi khomo limodzi, kutali ndi mowa ndi magule, oonerera aime kunja kwa mpanda. Mlimi aliyense amwetse chiweto chake m'ndowa yakeyake. Usiku pakhale alonda odziwika maina, olipidwa, nyali ya sola ikuyaka, ndipo munthu mmodzi wa mwini chiweto aloledwe kugona pafupi nacho. Potuluka, chiweto chifananitsidwe ndi chithunzi chake. Ndipo polengeza wopambana, dzina la munthu likwanira. Mudzi ndi njira yopitira kukhola lake zitsale m'buku.

Komiti idzati ndalama palibe. Chionetsero chomwe chimapeza ndalama ya zokuzira mawu, ya tenti ya alendo olemekezeka ndi ya chakudya chawo chamasana chingapezenso ya alonda awiri kwa mausiku awiri. Ngati n'zosatheka, chinene poyera kuti ziweto zibwere m'mawa n'kubwerera tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Kuuza mlimi kuti aliyense adzionere yekha ndi kumunyoza. Bambo wa zaka 60 yemwe wayenda ndi ng'ombe tsiku lathunthu pafumbi la Julayi sangakhale maso usiku wonse, ndipo si iye anasankha malowo, si iye anaitana chikhamu cha anthu.

Tsopano tibwere kwa ife. Ng'ombe yobedwa siisungidwa ngati chithunzi, imagulitsidwa, ndipo nthawi zambiri imagulitsidwa ili nyama. Wodya ndani? Ndife, Loweruka madzulo, titazungulira mbaula ya michopo, tikuyamikira kuti pano nyama ndi yotchipa. Nyama yophedwa movomerezeka imayezedwa ndipo imakhala ndi chidindo. Yobwera m'thumba panjinga m'bandakucha, yopanda chikopa, yopanda mutu, mtengo wake uli pansi, ili ndi chifukwa chake chotsikira mtengo. Timakwiya tikamva pafoni kuti kumudzi khola la amalume latsegulidwa, mawa lake tigula nyama osafunsa komwe yachokera. Kufunsa chidindo m'butchala kumaoneka ngati matama, ndipo wogulitsa akhoza kukuyankha mwano. Funsani ndithu. Akafunsa anthu khumi pa tsiku, wogulitsayo ayamba kuganiza kawiri asanalandire thumba la m'bandakucha.

Chinanso chili m'manja mwathu ndi mafoni omwewa. Tikapita kumudzi patchuthi, tijambule ng'ombe iliyonse ya m'khola la makolo, tisunge zithunzizo ndi tsiku lake, tiwaperekeze kwa avetenale akafunse za kulembetsa chizindikiro. Chithunzi cha nkhunzi yopambana tikhoza kuika pa Facebook, koma dzina la mudzi tilisiye. Zionetsero za m'maboma zimachitika anthu akatha kukolola, chisanafike chachikulu cha ku Lusaka chomwe chimatha Lolemba loyamba la Ogasiti, pa tsiku la alimi. Nthawi yofunsa ndi miyezi ya Epulo ndi Meyi, makomiti akamakhala pansi kugawa ndalama. Radio Chikaya ilipo, magulu a WhatsApp a anthu a ku Lundazi alipo. Wapampando aliyense afunsidwe poyera kuti alonda a ziweto ndi angati, buku lisungidwa ndi ndani, ndipo ng'ombe ikasowa usiku pamalo a chionetsero alipira ndani. Komwe mayankho sakumveka, tiuze adada nkhunzi itsale m'khola, apite ndi maungu ndi nshawa.