Mizere ya Wi-Fi yadzadza, koma chikalata sichikupita

Mwezi watha ndinapita ku Chambe, m'boma la Mulanje, kukaona azakhali anga. Ndisanaike n'komwe chikwama pansi, msuweni wanga anandilonjera ndi dandaulo. "Asuweni, inu mumalemba za makompyuta, taonani izi. Mizere ya Wi-Fi yadzadza, koma ntchito yanga ya kusukulu yakana kupita kuyambira m'mawa." Iye amaphunzira kudzera pa intaneti, ndipo tsiku lomaliza kupereka ntchitoyo linali mawa lake. Wina anali atamuuza kale kuti agule kachipangizo kokokera Wi-Fi, moti ndalama zimene ankasungira fizi zinali zitatsala pang'ono kupita kumeneko.

Ndinamuuza kuti adikire kaye, chifukwa ambirife timasokoneza zinthu ziwiri zosiyana, Wi-Fi ndi intaneti. Kabokosi kokhala ndi SIM card kaja, kaya ndi rauta kapena MiFi, kamagwira ntchito ziwiri. Mbali imodzi kamalankhula ndi nsanja ya Airtel kapena TNM kudzera pa 4G. Mbali inayo kamalankhula ndi mafoni ndi malaputopu a m'nyumba, ndipo imeneyi ndiyo Wi-Fi. Mizere imene mumaona pa chizindikiro cha Wi-Fi imangokuuzani kuti foni yanu ikumvana bwino ndi kabokosiko. Sikuuzani chilichonse za ulendo wochoka pa kabokosi kukafika kunsanja.

Anthu a ku Chambe sangavutike kumvetsa zimenezi. Kuyambira cha m'ma 1970, midzi ya kuno yakhala ikumwa madzi otsika okha m'mapaipi kuchokera kuphiri, popanda injini. Paipi yaikulu ikamabweretsa madzi ochepa, kumanga mpopi wina pakhomo sikuchulukitsa madziwo. Koma ngati madzi alipo ambiri, vuto n'kukhala loti mpopi uli kutali, apo ndiye mpopi watsopano umathandiza. Intaneti yochokera kunsanja ndiye paipi yaikuluyo, Wi-Fi ndiye mpopi.

Ndiye musanatulutse ndalama, dziwani kaye mbali imene ikudwala. Imani pafupi ndi rauta, tsegulani fast.com kapena Speedtest, muone liwiro. Kenako pitani kuchipinda kumene mumavutika, muyezenso. Ngati pafupi zili bwino koma kuchipinda zikukanika, vuto ndi Wi-Fi. Ngati konse zikuchedwa mofanana, vuto lili panjira ya kunsanja, kapena bandulo yatha, ndipo chokokera Wi-Fi sichingakuthandizeni ngakhale chikhale chodula bwanji.

Kwa azakhali, liwiro linali lochepa ngakhale titaima pamphuno pa rauta. Nditayang'ana pamene inali, ndinaseka. Inali pansi pa kabati, kuseri kwa TV, itafunditsidwa kansalu koluka kuti isalowe fumbi. Tinaichotsa, n'kumayesa windo lililonse la nyumbayo, tikuyang'ana timagetsi tosonyeza mphamvu ya 4G. Mawindo oyang'ana kuphiri sanatipatse kanthu. Windo la mbali inayo, titaika rautayo pamwamba pa shelefu, timagetsi tinawonjezeka, ndipo chikalata chija chinapita tiyi asanaphike. Mafunde a wailesi amafooka akakumana ndi thanthwe, khoma la njerwa zootcha, malata, chitseko chachitsulo ngakhalenso mgolo wa madzi. Rauta imafuna malo okwera ndi oonekera.

Mwina mwaonapo kuti rauta zina zimatulutsa maina awiri, lina lothera ndi 5G. Imeneyo si 5G ya makampani a foni ayi, ikutanthauza 5 GHz. Mafunde a 2.4 GHz amafika patali ndipo amayesetsa kudutsa makoma, koma ndi ochedwerapo, komanso amaphangirana malo ndi Bluetooth ndi rauta za anansi. A 5 GHz ndi othamanga, koma khoma limodzi kapena awiri amawafooketsa msanga. Mukakhala pabalaza pomwe pali rauta, sankhani 5 GHz. Mukakhala pakhonde kapena kukhitchini ya panja, 2.4 GHz ndiyo ingakufikireni.

Nanga ngati kuyeza kwaonetsa kuti intaneti ikubwera bwino koma siikufika kuzipinda zina? Izi zimachitika kawirikawiri m'maofesi a zipinda zambiri, m'masukulu, ndi m'malo ogona alendo ngati amene ali kufupi ndi Likhubula, komwe anthu okwera phiri amayambira ulendo. Apa mpamene pamafunika access point, mpopi wachiwiri uja. Ndi kabokosi kamene kamalandira intaneti kuchokera ku rauta kudzera pa waya wa netiweki, n'kuimwaza ngati Wi-Fi pamalo atsopano. Waya wa Cat5e kapena Cat6 umagwira bwino mpaka mamita 100, ndipo ma access point ambiri amalandira magetsi kudzera mu waya womwewo, njira yotchedwa PoE, choncho simufunika soketi kudenga. Mukapereka dzina ndi pasiwedi zofanana ndi za rauta, foni imasamuka yokha mukamayenda. Kuti mabokosi oyandikana asamasokonezane pa 2.4 GHz, apatseni matchanelo osiyana pakati pa 1, 6 ndi 11.

Chokokera chimene msuweni wanga anauzidwa chija, chomwe m'mashopu amachitcha repeater kapena extender, sichifuna waya, n'chifukwa chake chimakopa. Koma chimamvera ndi kubwereza pa wailesi imodzimodziyo, ndiye liwiro limatha kutsika mpaka theka. Ndipo mukachiika pamalo pomwe Wi-Fi yafooka kale, chimangobwereza kufookako. Ngati waya ungathe kudutsa, sankhani waya. Rauta yakale imene yangokhala m'dirowa ikhozanso kukhala access point: zimitsani DHCP, ipatseni adiresi yosiyana ndi ya rauta yaikulu, n'kulumikiza waya padoko lolembedwa LAN. Yoika panja ikhale yopangidwira panja, chifukwa mvula ya ku Mulanje siiseweretsedwa.

Tisanamalize, tinalowa m'kati mwa rautayo polemba adiresi imene ili pa kapepala ka kunsi kwake. Nthawi zambiri imakhala 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Pamndandanda wa zolumikizidwa tinapeza mafoni ochuluka kuposa anthu a pakhomopo. Azakhali anangogwira pakamwa: "Kani bandulo imathera kumeneku?" Panalibe wakuba aliyense. Mlendo mmodzi anapatsidwa pasiwedi, iye n'kugawira mnzake, ndipo mafoni a masiku ano amagawa pasiwedi pongoonetsa QR code.

Tinasintha pasiwedi ya Wi-Fi kukhala yaitali, yosakhala dzina la mwana kapena nambala ya foni. Tinasinthanso yolowera mu rauta, yomwe inali ikadali "admin". Pa chitetezo tinasankha WPA2, ndipo ngati yanu ili ndi WPA3, yomwe inatuluka mu 2018, ndiyo yabwino koposa. WEP ndi yakale, imathyoledwa mosavuta. WPS tinaizimitsa. Azakhali anada nkhawa kuti anansi aziti ayamba kumana, ndiye tinatsegula netiweki ya alendo, ya pasiwedi yakeyake, yoti aziyatsa ndi kuzimitsa akafuna. Muofesi imeneyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa mlendo safunika kukhala pa netiweki imodzi ndi kompyuta yosunga za ndalama.

Rauta zambiri za m'nyumba zimayendera 12V, choncho kabatire kakang'ono ka UPS kapena batire ya sola imatha kuisunga yoyaka magetsi akathima. Ingoonani kaye zolembedwa pa chaja yake musanalumikize.

Msuweni wanga sanagule kalikonse tsiku limenelo, ndalama ya fizi ikadali pomwe inali. Kansalu koluka kaja kanabwerera pamwamba pa TV.