Lekani kusanzitsa mwana amene wamwa poizoni

Kwathu ku Kapichira, mwana akamwa palafini kapena kudya tameki, akuluakulu amathamangira madzi a mchere ndi chala kukhosi. Akuti asanze, poizoni atuluke. Ndikunena mosapsatira mawu: chizolowezi chimenechi chimapha.

Maganizo ake akumveka. Khoswe satha kusanza, n'chifukwa chake akadya poizoni sangamutulutse. Mu 2013 Charles Horn ndi anzake ku Pittsburgh anapeza kuti ubongo wa makoswe ulibe njira yoyambitsira kusanza. Ife anthu njirayo tili nayo, kumunsi kwa ubongo. Koma njira ya chakudya ndi ya mpweya zimakumana pakhosi. Palafini akabwerera m'mwamba amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo choopsa. Tameki amadzaza malovu m'kamwa ndi kufooketsa minofu yopumira, ndiye mwana amatsamwa ndi masanzi ake omwe. Mchere wochuluka nawonso ungaphe mwana.

Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, magetsi anasowa, koloboyi anabwerera m'nyumba zambiri. Palafini timasungira m'mabotolo a Fanta. Mwana wa zaka ziwiri angasiyanitse bwanji?

Mudzati chipatala cha Chikwawa chili kutali. Zoona. Ndiye bwanji tikutaya nthawi posungunula mchere? Musamusanzitse. Mugonekeni chammbali, itanani kabaza, nyamulani botolo kapena pepala la mankhwalawo. Wodya tameki amafunika atropine, ndipo atropine sapezeka kukhitchini.