Za Nzeru za Pakhomo: Kukonza Fulashi Tisanaikemo Kanthu

Mwezi uno tikamba za kachipangizo kaja kochedwa fulashi, kamene ambiri a inu mumagula m'masitolo a ku Old Town, cha ku mseu wa Malangalanga ndi kumsika, ndi kusungiramo zithunzi za ukwati, nyimbo ndi makalata a sukulu a ana anu.

Dziwani kuti fulashi iri monga munda: mwini asanabzale ayamba waunda mizere. Kuunda kumeneku ndiko kufomata, ndipo maundidwe odziwika alipo atatu, onsewo ochokera kwa a Microsoft.

Oyamba ndiwo FAT32, a chaka cha 1996. Amenewa amveka pafupifupi ponseponse, pa wailesi ya m'minibasi ndi pa TV yakale ya pabalaza pomwe. Koma ali ndi malire ache, pakuti salandira failo imodzi yoposa 4 GB. Tsono kanema wa tsiku lonse la ukwati akhoza kukanidwa chinkana malo alimo ochuluka, munthu ndi kumayesa kuti wogulitsa anamnyenga.

Achiwiri ndiwo NTFS, a 1993. Mafailo akulu alowa bwino. Koma kompyuta ya Apple ingowerenga, siilembamo popanda pulogalamu yapadera, ndipo mawailesi ambiri sawadziwa konse.

Achitatu ndiwo exFAT, a 2006, amene anawapangira fulashi ndi makadi. Alandira mafailo akulu, ndipo Windows ndi Apple ziwerenga ndi kulembamo momwe. Bvuto lache ndi lakuti zipangizo zina zakale ziwakana.

Chifukwa chache tidzifunse poyamba kuti: fulashi iyi idzawerengedwa kuti? Ikakhala ya nyimbo za m'galimoto, sankhani FAT32. Ikakhala yonyamulira kanema kapena nchito pakati pa ofesi ya ku City Centre ndi kunyumba, sankhani exFAT. NTFS asiyireni chosungira chimene sichichoka pa Windows.

Koma chachikulu ndi ichi: kufomata kufafaniza zonse ziri m'katimo. Mnyamata woika nyimbo akati, "Tiifomate kaye," musabvomere msanga. Mfunseni ngati wakopera zinthu zanu pena, ndipo muzione ndi maso anu. Paja safunsa anadya phula. Nyimbo zipezekanso mawa, koma chithunzi cha gogo amene anatisiya sichijambulidwa kawiri. Chotero chiri chonse chamtengo chisungidwe malo awiri.

Tsalani bwino kufikira mwezi wa mawa.