Makompyuta atatu, mtendere palibe

Kalata ya sabata ino sinachokere kutali, yachokera konkuno kwathu ku Muloza. Ndayisankha chifukwa vuto la mayiwa lalowa m'makomo ambiri, makamaka komwe kuli achibale ku Joni omwe amatumiza katundu. Tamvani.

Wokondeka Anamwino,

Ndine mayi wa ana atatu. Pakhomo pathu pali makompyuta atatu koma mtendere palibe. Yoyamba ndi yaikulu ya patebulo, yakalekale, yomwe timatayipira ndi kusindikizira makalata a anthu, ndipo ndiyo imatidyetsa. Yachiwiri ndi laputopu yomwe achimwene anga a ku Joni anatumizira mwana wanga wamkazi yemwe ali Fomu 4. Koma mlongo wake wazaka 14 anailanda, amagona nayo kuchipinda n'kumaonera mafilimu mpaka tambala woyamba. Aphunzitsi akuti akumasinza m'kalasi, maso ali psuu. Bambo ake akuti za makompyuta n'za anyamata, mtsikana aziwerenga makope. Yachitatu ndi ya bambowo. Anaitseka ndi pasiwedi, ndipo ndikangoyandikira amaipinda msangamsanga. Chitsirizira chathu chazaka zitatu nacho sichidya popanda katuni. Mayunitsi a magetsi sakuchedwa kutha. Kodi ndingogulitsa malaputopu awiriwo tsiku lina iwo atachokapo? Ndithandizeni.

Mayi wodandaula,
Muloza.

Zikomo mayi chifukwa chondikhulupirira.

Poyamba penipeni, musagulitse kanthu mwamseri. Mukatero mudzasanduka wolakwa ndinu, ndipo nkhani ya ana idzaiwalika, anthu azidzangokamba za katundu wogulitsidwa. Komanso makompyutawo sanalakwe. Chomwe chasowa pakhomo panu ndi dongosolo. Pa zaka zonse zomwe ndinagwira ntchito m'chipatala, chipangizo chilichonse chinali ndi ntchito yake, malo ake ndi munthu wochiyang'anira. Nanunso chitani chomwecho. Tiyeni tione kompyuta iliyonse payokha.

Ya patebuloyo ndi munda wanu. Ikhale ya ntchito basi, ana asamaseweretse. M'menemo muli makalata a anthu ofunsira ntchito, a milandu, a ngongole, ndipo eni ake anakukhulupirirani. Mwana akawerenga n'kukaulula kusukulu, makasitomala athawa. Chachiwiri, mafulashi omwe anyamata amabwerekana mafilimu ndi omwe amafalitsa mavayirasi. Tsiku limodzi lokha ntchito yanu yonse ikhoza kufufutika. Dziwaninso kuti kampani ya Microsoft inasiya kutumiza chitetezo cha Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo cha Windows 10 inasiya kupereka mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Choncho ngati kompyuta yanu ndi yakale chotere, tayipirani makalata, koma musamalowerepo ku akaunti ya kubanki.

Pa nkhani ya magetsi, yuniti imodzi ndi mawati 1,000 ogwira ntchito kwa ola limodzi. Tiyerekeze kuti ya patebuloyo pamodzi ndi sikirini yake ikudya mawati 150. Ikayaka maola 8 patsiku, pamwezi yamaliza mayunitsi 36. Laputopu yodya mawati 50 pa maola omwewo imaliza mayunitsi 12. Mwaona? Wakudyerani magetsi kwambiri ndi amene mumamusiya chiyakire pomwe kasitomala palibe. Zimitsani ikakhala ilibe ntchito. Ndipo kuno kunsi kwa phiri la Mulanje mvula yake mukuidziwa: kukayamba ziphaliwali, zulani zonse kukhoma.

Tsopano ya mtsikanayo, ndipo apa ndipomwe mtima wanga wawawa. Laputopuyo ili ndi mwini wake. Amalume ake anatumiza ndi cholinga, ndipo kwathu kuno mawu a mwinimbumba sagwa pansi. Mwanayo akukonzekera mayeso a MSCE, omwe ndi khomo lolowera kukoleji. Zoti makompyuta n'za anyamata n'zabodza. Masiku ano namwino, mphunzitsi, kalaliki wa pachipata cha Muloza apa, onse akufunika kudziwa kompyuta. Mukamulanda mtsikanayo lero, mukumuphunzitsa kuti chake chilichonse mwamuna akhoza kungotenga iye n'kukhala chete. Phunziro limenelo adzapita nalo kubanja. Mnyamatayo naye mukumuphunzitsa kuti kulanda n'kololedwa. M'mera mpoyamba, mayi. Laputopuyo ibwerere kwa mwini wake sabata yomwe ino. Ngati bambowo akukanabe, aimbireni achimwene anuwo alankhulane okha pachilamu.

Sindikuti mnyamatayo asagwirenso kompyuta ayi. Naye aphunzire. Koma azibwereka, ndipo azipempha kwa mlongo wake. Mumupatse ola limodzi madzulo akamaliza homuweki, ndi nthawi yochulukirapo Loweruka. Agwiritse ntchito pabalaza, sikirini itayang'ana komwe anthu akudutsa. Ikakwana 8 koloko usiku, laputopu igone kuchipinda kwanu. Pakompyuta imodzi n'zotheka kutsegula maakaunti awiri, aliyense ndi pasiwedi yake, kuti mnyamatayo asafufute manotsi a mlongo wake. Pemphani wodziwa akukonzereni, n'zosatenga nthawi.

Ndilankhuleko ngati namwino. Mwana wa zaka za pakati pa 13 ndi 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Wanuyo akugona mwina anayi, nanga m'kalasi alekerenji kusinza? Musathamangire kunena kuti amulodza kapena wayamba chamba. Maso ofiirawo nthawi zambiri amabwera chifukwa munthu akamayang'anitsitsa sikirini saphethira pafupipafupi, ndiye maso amauma n'kumanyerenyetsa. Lamulo lake ndi losavuta: pakatha mphindi 20 zilizonse, ayang'ane chinthu chakutali, mtengo kapena phiri, kwa masekondi 20. Musamuthire m'maso mankhwala ogula pamsika kapena madzi a masamba. Ngati pakatha sabata akugona bwino koma maso sakusintha, akutuluka manthongo kapena mutu ukumupweteka, pitani naye kuchipatala akamuyeze.

Palinso ngozi ina. Laputopu siikidwa pamatilesi kapena pabulangete, chifukwa timabowo totulutsira mpweya wotentha timatsekeka. Ikatentha kwambiri batire limawonongeka, ndipo batire lotupa likhoza kuyaka moto. Mwana atagona nayo m'neti, taganizani nokha. Mukaona batire latupa, lekani kutchaja, musalibowole, musaliponye pamoto kapena kudzala komwe ana amasewera.

Ndipo mayi, musadzinamize kuti usiku wonsewo ndi mafilimu a nkhondo okhaokha. Pa msinkhu umenewo ana amapatsana zithunzi zolaula. Musamufunse ndi chikwapu m'manja, adzangophunzira kubisa. Khalani naye pansi inu ndi bambo ake, kapena amalume ena omwe ali pafupi. Muuzeni kuti zomwe akuonazo si momwe chikondi chimakhalira, komanso kuti lamulo la dziko lino la 2016 loona za pa intaneti limaletsa kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula za ana. Chithunzi cha mnzake wa kusukulu chikapezeka mwa iye, si nkhani ya kwa ahedi yokha ayi, ndi ya kupolisi.

Kamwana kazaka zitatuko musakaiwale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku akuyang'ana sikirini, ndipo wosakwana zaka ziwiri asamaonetsedwe n'komwe. Mwana amaphunzira kulankhula pomva amake ndi anzake, osati katuni. Pa nthawi ya chakudya zimitsani. Alira masiku awiri kapena atatu, kenako njala imuphunzitsa kudya.

Tifike pa ya bambo. Ndikudziwa kuti apa ndi pomwe pagona mtima wanu, ngakhale mwalemba mwachidule. Pasiwedi payokha si umboni wa chibwenzi. Ine ndasunga zinsinsi za odwala zaka zambiri, ndipo ngakhale malemu amuna anga sindinkawauza. Mwina bambowo akusunga maakaunti a anthu kapena za kuntchito. Koma chinsinsi cha ntchito munthu amachitchula poyera kuti, "Umu muli za eni ake." Sachita kudzidzimuka mkazi wake akamadutsa. Ndiye musabe pasiwedi, musatume mwana kuti akawazonde. Sankhani nthawi yomwe ana agona, mitima ili pansi, muwafunse mwaulemu kuti, "Bambo, mukamapinda kompyuta ndikayandikira, mtima wanga umawawa. Muli chiyani?" Mvetserani yankho lawo. Likakhala losamveka, ankhoswe alipo, ntchito yawo ndi yomweyi. Ndipo ngati kukayikako kuli ndi maziko ena omwe simunandiuze, pitani nonse awiri mukayezetse magazi. Kuyezetsa si kutukwanana, ndi kuteteza ana anu omwewo.

Chomaliza ndikuuza inu ndi awerengi nonse. Ife a ku Muloza sitidzaiwala Malichi 2023, pomwe namondwe wa Freddy anatsitsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'phiri. Anthu anataya abale, nyumba, komanso masatifiketi ndi mabuku a kuchipatala. Makompyuta atatu okhala m'nyumba imodzi amapita ndi madzi tsiku limodzi. Choncho jambulani masatifiketi, ziphaso ndi makalata ofunika, musunge pafulashi, ina mukaisiye kwa mbale wodalirika wa dera lina. Zina dzitumizireni nokha pa imelo, kumeneko madzi safikako. Ntchito imeneyi mupatseni mnyamata wanuyo. Luso ali nalo, akungosowa pomwe angaligwiritse ntchito, ndipo mudzaona momwe adzanyadire.

Ndiye mayi, Lamulungu lomwe lino mukabwera kutchalitchi, itanani banja lonse. Lembani papepala: kompyuta iyi ntchito yake ndi iyi, mwini wake ndi uyu, nthawi yozimitsa ndi iyi. Mumate pakhoma. Lamulolo ligwire aliyense, ndi akuluakulu omwe, chifukwa mwana sangasiye sikirini pa nthawi ya nsima bambo ake akudya ndi dzanja limodzi, lina lili pakiyibodi. Pakatha mwezi mudzandilemberenso, ndimve momwe mtsikana wathuyo akukonzekerera mayeso.

Inu awerengi, kwanuko zili bwanji? Ngati muli ndi nkhawa ya m'banja kapena ya zaumoyo, lembani. Dzina lanu sindidzalitchula. Tikumanenso sabata yamawa, Mulungu akalola.

Ndine wanu,
Anamwino a ku Muloza.