Chigwa cha Shire chikulonjerera ngongole

Munthu wa ku Makhanga, kwa Mlolo, alibe fakitale. Galimoto alibe; akafuna kupita ku Bangula amadalira bwato ndi kabaza. Koma madzi a mu 2015 anapeza iyeyo. Namondwe Idai mu 2019, iyeyo. Namondwe Ana mu 2022, iyeyo. Freddy pofika mu Malichi 2023 anapeza njerwa za nyumba yatsopano zisanaume n'komwe. Utsi umene ukutenthetsa dziko ukufuka ku America, ku Ulaya ndi ku China, pomwe wa Africa yense sukwana 4 pa 100 iliyonse. Wolipira wake ndi mayi wogona m'kalasi ndi ana, mbuzi zitapita ndi Ruo, dimba litakwiririka mumchenga.

Inu atsogoleri a mayiko olemera, manyazi akugwireni. Ku Copenhagen mu 2009 munalonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020. Munachedwa ndi zaka ziwiri, ndipo zambiri mwa ndalamazo zinabwera ngati ngongole. Kutentha nyumba ya mnzako, kenako n'kumukongoza udzu wofolera! Ku Sharm el-Sheikh mu 2022 munavomera thumba lolipirira zowonongeka, ndipo ku Dubai chaka chotsatira munaponyamo malonjezo a madola pafupifupi 700 miliyoni, m'manja n'kumawombedwa. Boma lathu litawerengera linapeza kuti kukonzanso zimene Freddy anawononga kuno kukufunika madola 680 miliyoni. Ndiye kuti thumba la dziko lonse lapansi lingathere pa namondwe mmodzi, m'dziko limodzi. America ndiye mu 2025 inachita kulengeza kuti ikutulukanso m'pangano la zanyengo la ku Paris.

Musatiuze kuti njira yofikitsira ndalamazi kwa anthu palibe. Za Scotland, kadziko kakang'ono, zinafika m'manja mwa mabanja a ku Nsanje kudzera ku bungwe la GiveDirectly, anthu n'kukamanga kumtunda.

Nanu a ku Capital Hill musabisale kumbuyo kwa azungu. Aliyense wodutsa pa Thabwa amaona njinga zitasenza matumba a makala, zikukwera phiri kulowera ku Blantyre. Mapiri akameteka, dothi lake limakathera mu Shire ndi Mwanza, mitsinje n'kukwiririka, madzi n'kusowa podzera. Namondwe Ana ataphwanya damu la Kapichira tinataya mamegawati 130, ndipo mdima unagwa ngakhale m'nyumba za ophikira makala omwewo. Komabe chaka ndi chaka nyimbo yanu kwa anthu a m'chigwa ndi imodzi: samukani. Asamukire kuti? Malo opanda mjigo, opanda sukulu, opanda munda, munthu sangakhalepo. Mvula ikangokata amabwerera kudimba kwake, inu n'kumamutcha wamakani.

Nthumwi zathu zikamakwera ndege kupita ku msonkhano wina wa zanyengo, zinyamule mndandanda wa milatho, masukulu ndi minda ya ku Chikwawa ndi Nsanje, mtengo wake utalembedwa pambali, zikalonjerere. Zikabwerako zikaime pa Bangula, ziuze anthu zimene zabweretsa, ndi tsiku limene ndalamazo ziwoloke Shire kukafika kwa Mlolo.