Ntchito Ikadali M'kati: Mawu Atatu Amene Amasokoneza Ophunzira

M'makalata ofunsira ntchito amene achinyamata omaliza sukulu amalemba mwabuka chilema chimene aphunzitsi sayenera kuchilekerera. Pofuna kunena kuti ntchito ina ikadali m'kati, ambiri amalemba kuti "working progress", pomwe Chingerezi cholondola ndi "work in progress".

Gwero la vutoli ndi khutu. Mngerezi akamalankhula mofulumira, mawu akuti "work in" amamveka ngati "working", ndipo mwana amene anangowamva pa wailesi, osawaona m'buku, amalemba zimene khutu lamuuza. Komatu mawuwa ndi atatu: "work" ndiyo ntchito, ndipo "in progress" ndiko kuti ili m'kati, ikupita m'tsogolo. Ntchitozo zikachuluka, kalembedwe kake ndi "works in progress". Ku America, owerengera chuma cha m'mafakitale amanenanso kuti "work in process" potchula katundu amene sanathe kupangidwa, koma wolemba kalata wamba asavutike nawo amenewo.

Tanthauzo lenileni la mawuwa limaoneka bwino pa mbiri ya James Joyce, mlembi wa ku Ireland. Kuyambira mu 1924, zigawo za buku lake lomaliza zinkasindikizidwa m'magazini pansi pa mutu wakuti "Work in Progress", kufikira mu 1939 pamene bukulo linatuluka lathunthu ndi dzina lakuti Finnegans Wake. Zaka zonsezo cholembera sichinagone. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Apa ndiye pagona nkhani. Mawuwa ali ndi lonjezo m'kati mwake: ntchito sinathe, koma ikuyenda. Nyumba imene yakhala dzinja zisanu yopanda denga, udzu utamera pabalaza, siili "in progress". Imeneyo ndi "unfinished", mwinanso "abandoned", yosiyidwa. Momwemonso mnyamata amene analeka maphunzro a ukalipentala chaka chatha asalembe kuti maphunzirowo ali "in progress", chifukwa bwana akadzafunsa tsiku lomaliza, bodza lidzaonekera poyera.

Choncho aphunzitsi alembe mawu atatuwa pa bolodi motalikirana, awatchule mofatsa, ndipo ophunzira awagwiritse ntchito m'ziganizo zawozawo. Wolemba anthu ntchito saona nkhope ya wofunsayo. Amaona kalata yokha, ndipo kalatayo ndiyo imamuuza ngati mwini wake ali wosamala ndi woona mtima.