Lusaka ndi Kopala: mpikisano wa mpira ukamafika kumapeto, Matero amagawanika

Mvula ikayamba kukata m'mwezi wa Epulo, okonda mpira wa miyendo m'komboni ya Matero mu mzinda wa Lusaka amayamba kuwerenga mapointi. Iyi ndiyo nyengo imene mpikisano waukulu wa Super League umafika kumapeto. Pa msika, pa malo okwerera mabasi ndi m'nyumba zometera tsitsi, funso limakhala limodzi: kodi cikho cidzakhala mu Lusaka, kapena cidzapita ku Kopala, cigawo ca migodi?

Mkangano umenewu uli ndi mbiri yake. Timu ya Zanaco itatenga cikho m'caka ca 2016, mzinda wa Lusaka unakhala manja lende kwa nyengo zisanu zotsatizana. ZESCO United ya ku Ndola inapambana mu 2017, 2018, 2019 ndi 2021, ndipo Nkana ya ku Kitwe inapambana mu 2020. Red Arrows, timu ya asilikali a ndege, ndiyo inabwezera ulemu ku likulu la dziko mu 2022 motsogozedwa ndi mphunzitsi Chisi Mbewe, patapita zaka 18 cipambanire cikho cake coyamba mu 2004. Kucokera apo cikho cinayamba kuyenda uku ndi uku: Power Dynamos ya ku Kitwe mu 2023, Red Arrows mu 2024, ndi Power Dynamos kaciwiri mu 2025.

Masewero otsiriza amalemera cifukwa ca malamulo a mpikisano. Timu yopambana imalandira mapointi atatu, ndipo zikafanana mphamvu iliyonse imalandira pointi imodzi. Imene yatsiriza pamwamba imaimirira dziko la Zambia mu mpikisano wa CAF Champions League, pamene za pansi zimatsitsidwa kupita ku gawo laling'ono. Motero timu imene ikuthawa kutsika ingathe kugwetsa imene ikuthamangira cikho. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha, ndipo pointi imene inatayika mosasamala mu Okutobala imadzakumbukika mu Meyi.

Zaka ziwiri zinaonetsa poyera za kucepa kwa mpata pakati pa kupambana ndi kulephera. Mu 2019, pamene FAZ inali kusintha nyengo ya masewero kuti igwirizane ndi ya bungwe la CAF, matimu anagawidwa m'magulu awiri. ZESCO United inatsogola m'gulu loyamba, Green Eagles ya ku Choma inatsogola m'gulu laciwiri, ndipo pa masewero otsiriza a pa bwalo la Woodlands mu Lusaka panalibe cigoli, kufikira ZESCO inapambana pa mapenate. Mu 2020 mpikisano unadulidwa cifukwa ca mliri wa Covid-19. Nkana ndi Forest Rangers zinali ndi mapointi ofanana, ndipo Nkana inatenga cikho cifukwa ca kusiyana kwa zigoli.

Munthu angaganize kuti anthu a ku Matero onse amaima kumbuyo kwa matimu a mu Lusaka. Bwalo la Independence ndi bwalo la National Heroes, limene linatsegulidwa mu 2014, ali pafupi ndi komboni imeneyi. Koma Nkana kapena Power Dynamos ikabwera mu mzinda, ocemerera ake ambiri amatuluka m'makomboni a mu Lusaka momwemo, ndipo m'banja limodzi tate ndi mwana angakhale mbali zosiyana.

Cifukwa cimodzi n'cakuti matimu amphamvu a mu Lusaka ndi a mabungwe. Red Arrows ndi ya asilikali a ndege, Green Buffaloes ndi ya asilikali a pamtunda, Nkwazi ndi ya apolisi, ndipo Zanaco inabadwira m'banki. Matimu otere amatha kulipira osewera, koma sanakulire pa khomo la munthu wamba monga Nkana inakulira pakati pa anthu ogwira nchito ya m'migodi ku Wusakile. Nchito za m'migodi zitacepa, mabanja ambiri anasamukira ku Lusaka, ndipo anabwera nazo timu zawo m'mitima. Mbiri nayonso imakoka: pofika mu 2025 Nkana inali itatenga cikho ka 13, ZESCO United ka 9, pamene Zanaco inali itatenga ka 7 ndi Green Buffaloes ka 6.

Matero ali ndi timu yawo, Lusaka Tigers, imene inakwerako mu mpikisano waukulu koma kenako inatsika. Apa ndi pamene pali vuto lenileni. Anyamata aluso amayambira kumenya mpira pa mabwalo a fumbi a m'komboni, koma akakula amatengedwa ndi matimu okhala ndi ndalama. Amalonda, khonsolo ya mzinda ndi FAZ akapanda kuthandiza matimu a m'makomboni ndi mabwalo abwino komanso ndalama zoyendetsera, Matero adzapitiriza kupereka osewera ndi ocemerera kwa ena, ndipo mwezi wa Meyi ukafika adzakhala akuwerenga mapointi a matimu a eni ake.